Noah wa Zilankhulo Zinayi

Anzanga, Noah ndinakumana naye pamsika wa Migowi akulimbana ndi mayi wogulitsa nandolo. Mayiwo ankalankhula Chilomwe, iye n'kumayankha Chipwitikizi, gitala ili kumsana. Ndinaseka mpaka anatembenuka.

"Sisi, m'malo mondiseka, tandithandizani."

Ndinamumasulira. Tikuyenda, anandiuza kuti anabadwira kuseri kwa phiri la Michesi koma anachoka ali ndi zaka zitatu. Bambo ake anali telala wotsata ntchito: Vila Milanje, Quelimane, kenako Joni.

"Ndiye mwadzatani kuno?"

"Nyimbo za tchopa. Mayi ankaziimba akamachapa. Anamwalira ndisanawafunse tanthauzo lake."

Ine ndimaimba m'gulu la tchopa la kwathu, ndiye Loweruka ndinapita naye.

Anamvetsera kamodzi kokha, anzanga. Kamodzi! Kenako anagwira gitala...

Nyimbo yathu yomwe ija, koma zala zikuthamanga mwa ku Quelimane, mawu akukhuthala ngati kwaya ya Azulu, ng'oma yathu ikugunda pansi pake. A Sitima, mkulu wa gulu amene sayamikira munthu, anasiya ng'oma n'kugwira pakamwa.

"Mwana uyu wazitenga kuti zimenezi?"

Kuyambira pamenepo ndinkamuphunzitsa Chilomwe, iye n'kumandikweza panjinga mpaka ku Chilwa kukajambula asodzi akuimba. Tsiku lina tili m'minda ya mpunga anaima.

"Eveles, m'mutu mwangamu mumakangana zilankhulo zinayi. Ukayamba kuimba iwe, zonse zimakhala chete."

Ndinagwa m'chikondi, anzanga. Ndinagweratu!

Patatha miyezi isanu, producer wina wa ku Maputo anamva zimene tinajambula pafoni. Anamuitana.

"Tiye limodzi," anatero Noah.

"Mayi anga ndiwasiyira ndani? Ukudziwa sayenda chigwereni sitiroko."



"Basi, ndibwera mvula ikatha."

Mvula yatha kawiri tsopano. Ma voice note anayamba kufupika... kenako zii.

Mwezi watha ndikusenda chinangwa pakhonde ndinamumva pawailesi. Mtolankhani anamufunsa kuti adzakhazikika kuti.

Anaseka. "Ndikakhalitsa pamalo amodzi nyimbo zimandiumira. Bambo anandiphunzitsa kuti chikwama sumasula chonse."

Mpeni unandigwa m'manja.

Kenako anaika nyimbo yake yatsopano. Chilomwe chosalala, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Ndinkafuna kudana nayo, seriously, koma inali yokoma zoopsa. Mayi ali pamkeka anayamba kugwedeza phewa lawo labwinolo.

"Takweza wailesiyo. Mwanayu amatha."

Ndinakweza, misozi ili chuchuchu.

Mpaka lero sindinamvepo munthu woimba ngati iye, ndipo sindikuganiza kuti ndidzamumva. Koma anzanga, munthu wokulira panjira mukondeni ndithu, kungoti akanena kuti "ndibwera", musamuyalire mphasa.