Sikirini Imene Inadya Mbatatesi za Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene amalume anga, a Yohane, anandipatsa udindo woposa msinkhu wanga. Chaka chimenecho mbatatesi zinawayanja, ndipo anaganiza zotsegula kanyumba ka magemu pamsika wa kwa Ligowe, kuti anyamata azilipira n'kumasewera mpira wa pakompyuta. Iwo za makompyuta sankazidziwa mpang'ono pomwe. Ine ndinali nditaonerapo timavidiyo tingapo pafoni ya aphunzitsi, choncho katswiri wa mudzi wonse ndinali ine. Anati ndikawasankhire zipangizo, ndipo ndinavomera chifuwa chili patsogolo.

Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: sikirini ya 4K, yoonetsa bwino moti ungawerenge udzu wa m'bwalo la mpira. Sabata yonse ndinkangokamba za udzuwo, mpaka amayi anati ngati ndaukonda chomwecho ndikamwetere mbuzi.

Tinakwera lole ya Che Amidu, wagolosale amene ankakaoda katundu ku Limbe. Fumbi ndi mabampu sindinazimve, chimwemwe chinali chitandikwana. Panjira Che Amidu anandilangiza kuti ndisapereke ndalama wogulitsa asanalumikize zonse n'kundiyatsira gemuyo. Ndinavomera ndi mutu wokha.

M'shopu ya makompyuta akale ndinaiona sikiriniyo, yaikulu ngati chitseko chogoneka, ikuonetsa maluwa owala. Wogulitsa, munthu wachilungamo ndithu, anandionetsa kachipangizo ka timafani tiwiri, nati imeneyo ndi khadi ya zithunzi, imene imajambula zonse zooneka pasikirini. Anati ndalama zathuzo zikukwanira khadi yamphamvu ndi sikirini yaing'ono, chifukwa 4K imafuna khadi yodula kuposa apo. Ine ndinaona ngati akufuna kutidyera masuku pamutu. Kwathu mbatatesi timasankha ndi maso, yaikulu ndiyo yamtengo. Nanga kanthu kokwana m'thumba la jekete kangapose bwanji chimphona chotere? Ndinaloza sikirini ija, ndalama zotsalazo n'kugulira khadi yotchipitsitsa. Zoyatsa kaye gemu ndinaziiwaliratu.

"Watsimikiza, mphwanga?" anafunsa amalume.

"Musadandaule, amalume. Anthu akadabwa."

Anadabwadi. Tinatsegula tsiku la msika, anthu n'kudzaza mpaka pawindo. Nditayatsa, bwalo linatulukira lobiriwira, udzu uliwonse ukuoneka paokha. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anakhudza galasilo ndi chala kuti atsimikize. Kunena zoona, kukoma kumene ndinamva mphindi imeneyo sindinakumveponso.

Kenako mpira unayamba. Osewera ankayenda ngati nanzikambe, mwendo m'mwamba, kuima, kuganiza kaye. Ukadina kuti amenye, mpira unkachoka iwe utatembenuka kale kuyankha moni. Mnyamata woyamba kulipira anapempha ndalama yake, wachiwiri chimodzimodzi, ndipo wina anakuwa kuti tabwera kudzasewera mpira, osati kudzaona udzu. Pofika masana kanyumbako kanali mbee, ine dzina nditalandira kale: Udzu.

Ndinkayembekezera mkwapulo. Amalume anangokhala pabenchi akuyang'ana chisikirinicho, kenako anati, "Wagula ngolo yaikulu, mphwanga, koma wamangirira kamwana ka ng'ombe."

Sabata yotsatira tinabwerera ku Limbe, sikirini titaikulunga m'bulangeti. Wogulitsa anavomera kutisinthira n'kutipatsa khadi yamphamvu ija ndi sikirini yaing'ono, koma panafunika kuwonjezera ndalama. Ulendo uno ndinamuuza alumikize zonse, ndipo ndinasewera mpaka kumapeto tisanapereke kanthu. Sikirini inali yaing'ono, udzu sunkawerengeka, koma osewera ankathamanga ngati akuthawa njuchi. Anyamata anabwerera, mzere n'kufika kwa mayi wa zitumbuwa uja, ine n'kuyambiranso kuyenda monyada.

Sindinafunse kumene ndalama yowonjezera ija inachokera. Ndinadziwa nyengo yobzala itakwana, nditaona kuti amalume abzala theka lokha la munda wawo. Anali atagulitsa mbatatesi zambewu, ndipo sananene kwa aliyense.

Lero ndimalumikizira anthu makompyuta, ndipo amabwera ambiri maso ali pa 4K, m'thumba muli mochepa. Ndimawamvetsa, chifukwa njala imeneyo ndinaimvapo. Ndimawauza ayambe ndi khadi, sikirini itsatire mphamvu ya khadiyo, ndipo asalipire asanasewere. Akamakakamira chachikulu chowala, sindiwaseka. Ndimangokumbukira theka la munda lija, limene chaka chonse linangomera udzu.