Dishi ya Padenga Lathu

Anzanga, Bassem ndidakumana naye padenga, ine sipanala ili m'manja.

Chimphepo chochokera kunyanja chidali chitawomba mu Alexandria monse, n'kupotoza dishi yathu ya TV. Bambo anga miyendo idafa kalekale, TV ndiye mnzawo. Ndiye ndidakwera ndekha.

"Iwe mtsikana, ukukonza kapena ukumalizitsa?" Adali mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe, akudyetsa nkhunda zake.

"Zikukukhudza?"

Adalumpha kakhoma. Adapukuta madzi omwe adalowa m'waya, n'kuyamba kutembenuza dishi pang'onopang'ono. Bambo ali pawindo pansipo ankakuwa.

"Nesma, yabwera! Ayi, yathawanso! Bwererani kumanzere!"

Tidaseka mpaka misozi.

Kuyambira tsikulo, kamphepo kakangowomba signal inkathawa, Bassem n'kutulukira.

"Bwanji sulimbitsa bawuti ya dishiyo?" ndidamufunsa.

"Ndikalimbitsa ndidzakuonera kuti?"

Eee anzanga, mtima wanga udasungunuka!

Adayamba kutsika kudzaonera mpira ndi bambo. Ankawanyamula kuwachotsa pabedi, kuwakhazika pampando, kuwathirira tiyi. Bambo ankamutcha "mwana wanga".

Tsiku lina adandinong'oneza, "Lachisanu ndibwera ndi mayi anga kudzakupempha."

Ndidauza bambo. Adandituma kukasita jekete lomwe adavala pa ukwati wawo ndi malemu mayi. Ndidaphika basbusa, keke yathu yamanyuchi ija.

Lachisanu tidadikira. Tiyi adazizira, ndidawiritsa wina. Foni ya Bassem yosayankhidwa.

Dzuwa likupendeka ndidakwera padenga, n'kupeza mayi ake akuanula zovala.

"Mwanawe, sadakuuze? Wanyamuka m'mawa kupita ku Kuwait. Mchimwene wanga wamupezera ntchito, ndipo akakwatira mwana wake. Tidagwirizana chaka chatha."

Chaka chatha, anzanga... ine asadandidziwe n'komwe.

Ndidatsika masitepe. Bambo adali chikhalire m'jekete lawo, tsitsi atapesa bwinobwino. Adandiyang'ana kumaso.

"Baba, sabwera."

Adatambasula manja.

"Tandivula jeketeli, mwanangu, likundithina. Bweretsa basbusayo tidye awirife."

Ndidawavula. Adatembenukira kukhoma kuti ndisaone misozi yawo.

Zoti adandinamiza ine, mwina tsiku lina ndidzamukhululukira. Koma munthu wosayenda uja adadikira tsiku lonse atatchena, akuyang'ana kukhomo. Chimenecho ndiye chikundiwawa mpaka lero.