Pampu Yaphokoso ya Amake Shakira

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mbuzi ya amjomba Saidi inandiyang'ana n'kupukusa mutu. Walahi inapukusa. Ndinali pakhonde ku Lirangwe, kwawo kwa mkazi wanga Asiyatu kumene ndinali mkamwini. Chimanga chinali chitauma chisanafike m'mawondo, maganyu onyamula katundu ku Chileka atatha. Amjomba Saidi, malume ake a mkazi wanga, ndiwo ankhoswe ake, ndipo mbuziyo inkangonena zimene mwini wake ankanena ndikatembenuka.

"Pitani, bambo a Shakira," anatero Asiyatu, "koma musakatchone. Amjomba sachedwa kupezera munthu banja lina."

Ntchito ndinaipeza pafakitale ina ya zakumwa, m'chipinda chapansi momwe munali pampu yokankha madzi otsukira mabotolo. Pampuyo inali yaikulu ngati minibasi ya ku Mdeka, kondakitala ali momwemo. Inkakankha madzi ochuluka kuposa amene ankafunika, choncho anaiikira valavu yokhala ndi gudumu, ndipo ntchito yanga inali kupotokola gudumulo kuti madzi achepe. Tsiku lonse. Phokoso lake linali loti tonse ogwira m'menemo tinaphunzira kukambirana ndi nsidze. Mnzanga wina wa ku Mozambiki anandifotokozera za maliro a bambo ake onse ndi nsidze, ine n'kumupepesa ndi nsidze zomwezo.

Kumudzi ndinkaimba nthawi ya nkhomaliro ndili m'chipinda chomwecho, chifukwa kumene ndinkagona tinalipo ambiri moti munthu ukayetsemula ankapukuta mphuno ndi wina. Asiyatu ankakuwa pafoni: "Muli m'ndege kodi?" Ndimvekere ayi, ndi pampu yanga. Mawu akuti "yanga" ndinkawatchula mokweza.

Ndalama zinkapita kumudzi modumphadumpha. Mwezi wina ndinkatumiza, wina lendi n'kundimeza, wina apolisi ofuna kuona mapepala n'kundichepetsera katundu m'thumba. Miyezi yotero sindinkaimba, chifukwa cha manyazi. Ndiye tsiku lina Asiyatu anati akufuna pampu yothirira tomato kudimba lake la kumtsinje. "Koma ikhale yolira ngati yanuyo." Ndinaseka, koma ndinadya buledi wouma kwa nthawi yaitali mpaka ndinagula pampu ya petulo yaikulu kuposa zonse m'sitolomo. Transipota amene anainyamula akuti pa Mwanza anamufunsa ngati ili ndi pasipoti yake.

Patapita nthawi pafakitale panabwera injiniya, mayi wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachokera kwathu kuno, ndipo ankaswa Chichewa pang'ono. Anandiyang'ana ndikulimbana ndi gudumu langa.

"Achimwene, njinga munayamba mwapalasapo?"

"Ndinachitako kabaza ku Chileka, mayi."

"Munkapalasa mwamphamvu mutagwira buleki?"

"Ameneyo ndi wamisala."

"Ndiye pampu iyi ndi yamisala. Mota ikupalasa ndi mphamvu zonse, inu ndinu buleki. Magetsi akuthera pagudumu lanulo."

Ndinakhumudwa, chifukwa kumudzi ankadziwa kuti ndine woyendetsa makina, osati buleki. Koma mayiyo sananame. Anamangirira kabokosi pakhoma koyendetsa mota pang'onopang'ono madzi akamafunika ochepa, n'kuifulumizitsa akamafunika ambiri. Valavu anaitsegula yonse. Mapaipi okhotakhota anawaongola, opapatiza n'kuikapo otakata, podontha ponse n'kutseka. Bilu ya magetsi inatsika moti bwana anaitanitsa anthu adzaone ngati mita yafa.

Pampu inayamba kulira ngati mphaka wokhuta. Apo m'pamene ndinadziwa kuti phokoso lija linkandithandiza. M'chipinda mutakhala zii ndinayamba kumva mimba yanga, kenako ndinayamba kumva kuti ndili ndekha. Shakira ndinamusiya akukwawa, tsopano ankandiuza pafoni kuti "mwaswera bwanji" ngati akulonjera aphunzitsi. Ndinatsalako ndikupaka girisi ndi kusintha timphira todontha, koma valavu yotseguka sifuna mlonda. Kontirakiti itatha sanandionjezere. Mayi uja anapepesa kwambiri. Ine ndinamuuza kuti asadandaule, buleki nayo imafuna kukaona kwawo.

Nditatsika minibasi pa Lirangwe, ndisanaone munthu aliyense, ndinamva pampu yanga. Dimbalo lili kutali ndi msewu, koma walahi chikwama chinkanjenjemera m'manja. Wakabaza amene ananditenga anati oyendetsa ndege pa Chileka amadandaula kuti sakumva injini zawo. Iyeyo mwina anaonjeza. Ine sindionjeza.

M'mawa mwake ndinapita kudimba, ndipo mutu unandiwawa. Pampu yoti ingathirire munda wa nzimbe inali italumikizidwa kupaipi yopyapyala ngati chala, yomangamanga ndi mphira za chubu. Chakumapeto Asiyatu anali ataipinda n'kuimanga ndi waya, apo ayi madzi akanazula tomato n'kukamugulitsa okha ku Lunzu. Buleki ija ndinaipezanso kwathu. Petulo ankadya pafupifupi phindu lonse la tomato.

Ndinayamba kuphunzitsa. Ndinanena za kabaza, za mapaipi otakata, za pampu yaing'ono yolingana ndi dimba. Ndinaikamo ndi Chingerezi. Asiyatu anandisiya mpaka ndinatha, akutsina nthambi za tomato.

"Mwatha, a injiniya?"

"Amake Shakira, pampu iyi ikukudyerani."

"Ndikudziwa. Petuloyo amagula ndani? Mukuona ngati sindinaone kuti ya amake Patuma ndi yaing'ono koma imathirira chimodzimodzi?"

"Nanga bwanji simunasinthe?"

Anaongoka n'kupukuta manja pachitenje. Anati miyezi imene foni yanga inkakhala chete, amjomba Saidi ankabwera. Poyamba ankabwera okha, kenako anayamba kubwera ndi bambo wina wogulitsa nyama ku Mdeka, wodzola mafuta onunkhira. Ankati mkamwini watchona, mwana wa mlongo wawo sangakalambire pakhomo podikira mphepo. Asiyatu sankatha kukangana ndi amjomba ake. Ankangoti pepani, tomato akufota, n'kutsetserekera kudimba kukaliza pampu.

"Ikalira mudzi wonse umadziwa kuti ichi chinachokera ku Joni, ndipo anatumiza ndi mwamuna wanga. Mtchona satumiza chinthu chotere. Wanyama uja ankayesa kulankhula, mawu osamveka, mpaka anatopa."

"Nanga nthawi ya mvula?"

"Ndinkatunga mumtsinje n'kubwezera mumtsinje momwemo."

Ine ndinkaganiza kuti amene akusunga banja ndi ine, kumene ndinali kuja ndi buledi wanga wouma. Pomwe kuno munthu ankagula petulo ndi ndalama ya sopo kuti dzina langa lisazime pamudzi. Mayi wa ku Zimbabwe uja anandiphunzitsa kufunsa kaye kuti pampu ikufunika kugwira ntchito yanji musanaiweruze. Iyi ntchito yake inkaigwira bwino lomwe.

Tinaisinthabe. Gulu lina la alimi a kumunsi kwa mtsinje, amene minda yawo ndi yaikuludi, anaitenga n'kutipatsa yaing'ono ndi paipi yotakata. Ndinaiyala mowongoka, popanda waya, popanda mphira. Petulo amene ankatha tsiku limodzi tsopano amatikwanira mpaka timaiwala kumene tinaika chigubu. Pampu yatsopanoyi imalira motsitsa moti nkhuku inaikira dzira pambali pake osadzidzimuka.

Tsiku loyamba lachete amjomba Saidi anafika msangamsanga, kofia ili pambali.

"Asiyatu, pampu ija yafa?"

"Siinafe, amjomba. Mwini wake wabwera. Phokosolo azichita yekha."

Ndiye ntchito yanga tsopano ndi imeneyo. Kudimba kuli njira yachidule, koma amake Shakira analamula kuti ndizidzera yaitali, yodutsa pakhomo pa amjomba. M'mawa uliwonse ndimaima pamenepo paipi ili paphewa, n'kupereka salamu mokweza mpaka a ku Mdeka amayankha. Mafuta anga ndi tiyi ndi chinangwa basi. Mbuzi ija ikadalipo, yakalamba. Imandiyang'anabe, koma walahi mutu inasiya kupukusa.