Nsapato Zolira za Apongozi Anga

Apongozi anga agulitsa nsapato za ana kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, m'kasitolo kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi. Wamawotchiyo anamwalira kale, ometa tsitsi asinthanasinthana katatu, koma iwo ali pomwepo, pa mpando wawo wa mwendo umodzi womanga ndi waya. Ndi mayi wamfupi, wouma kuseka, ndipo akamalankhula nawe maso awo amakhala pa mapazi ako. Tsiku loyamba kuonana nawo ndinabwerako ndikudziwa kuti sanandikonde. Mwamuna wanga anandiuza pambuyo pake kuti zonse zimene ananena za ine n'zakuti ndimapondera kunja phazi lamanja, koma ndikuoneka munthu.

Kagulitsidwe kawo ndi kothamangitsa makasitomala, ndipo ine ndakhala ndikuwanena kumbali. Ukabwera ndi ulusi umene wayezera phazi la mwana kunyumba, amaubweza osauyang'ana n'komwe. Amati ulusi suyenda, kabwere naye mwana. Amafuna ubwere naye masana, chifukwa m'mawa phazi limakhala lisanatambasuke. Amamuimika pa katoni, n'kuzunguliza pensulo kaphaziko, kenaka amapinda nsapato m'manja mwawo, ndipo ikakana kupindika amaibwezera m'bokosi. Akamuveka amadina ndi chala chachikulu kutsogolo kuti amve pamene zala zathera. Bambo aliyense wonena kuti tigule zazikulu azikula nazo amamuyankha ndi maso okha.

Koma lamulo lawo lenileni lili pa nsapato zoyamba. Mwana amene wangoyamba kuyenda samugulitsa nsapato zina koma zolira, zija zili ndi kawezulo m'chidendene, zimene zimati tswii mwana akaponda. Kholo likakana amati, "Pitani kwa ena, ogulitsa ndife ambiri." Ndaonapo azimayi ovala bwino akutuluka m'sitolomo akutukwana chamumtima.

Chifukwa chake tonse timachidziwa, koma m'banja mwawo sichitchulidwa. Mwana wawo woyamba, wamwamuna, anatuluka panja masana ena ali ndi chaka ndi miyezi inayi, ndipo sanapezekenso. Anafufuza m'ngalande, m'zitsime, m'zipatala. Sanapeze mwana, sanapeze nsapato. Mwamuna wanga anabadwa patapita zaka ziwiri, ndipo anavala nsapato zolira mpaka kuyamba sukulu. Zikachepa, amayi ake ankachotsa mawezulo n'kuwasokerera mu zatsopano. Anzake anamutcha Mbewa, ndipo ena amamuitanabe choncho pamaso pa ine mkazi wake.

Mwana wathu wamkazi tinamupatsa dzina loti Kanyerere, poti sakhala pansi. Atangoyamba kuyenda osagwira khoma, apongozi anatumiza uthenga kuti ndibwere naye Lachinayi masana. Ndinapita. Anamuimika pa katoni, iye n'kumaseka pensulo ikamugirigisha, ndipo anamusankhira tinsapato tofiira ta lamba womata. Kenaka anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anamuika pansi pafupi ndi kauntala, anatembenuka n'kumupatsa msana, n'kutsinzina.

"Musiyeni apite kukhomo," anatero.

Kanyerere ananyamuka, tswii, tswii, tswii, akudabwa mapazi ake omwe. Apongozi anali chiimire, mutu atapendeketsa, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Mwana atafika pakhomo anati, "Wafika pakhomo. Mugwireni." Anali asanatsegule maso.

"Zikomo, amayi," ndinatero.

"Mawezulowo asachotsedwe, mwananga. Zikakutopetsani, topani."

Zinatitopetsadi. Nyumba yathu ndi yakale ya apongozi, imene ankakhala pamene mwana wawo uja anasowa, ya zipinda ziwiri, pansi pa simenti, ndipo kulira kuja kunkalowa mpaka m'mano. Mwamuna wanga amakonza mafoni pa tebulo la pabalaza, ntchito ya tizitsulo tating'ono ngati mchenga. Masiku awiri anapirira. Loweruka ndinamupeza atagwira nsapato imodzi ndi kapulayala kake.

"Mayi a Kanyerere, ine phokoso ili ndinakula nalo. Mwana wanga sakhalanso mbewa."

"Nanga amayi akamva?"

"Amva kwa ndani? Geti timatseka. Inu muli pakhomo tsiku lonse."

Ndikanafuna ndikanamuletsa, pakamwa ndili napo. Koma ine ndemwe ndinamupatsira nsapato yachiwiri. Anazula timawezulo tiwiri toyera, tonga nyemba, n'kutiika m'kasosala pawindo la kukhitchini. M'nyumba munangoti zii, ndipo ndinamva kukoma.

Lachiwiri lotsatira iye anapita kukagula zipangizo m'tauni. Inali cha m'ma thu koloko, dzuwa lili phwee, anthu oyandikana nawo ali kuntchito. Ndinamusiya Kanyerere pakhonde lakuseri akusewera ndi zivindikiro za mapoto, ine ndikuchapa pampopi, mamita ochepa chabe. Madzi ankasokosa m'beseni. Kenaka ndinamva tswii. Panapita kanthawi, tswii.

Mtima wanga unakhala pansi, ndinati mwana ali pafupi. Ndinapitiriza kufikisa malaya. Ndi pamene ndinadzutsa mutu kuti ndipukute thukuta, maso anga anagwera pawindo la kukhitchini. Kasosala kanali pomwepo, timawezulo tonse tiwiri tili momwemo.

Pakhonde panali zivindikiro zokha.

Tswii. Kunamvekera m'kanjira ka pakati pa nyumba ndi mpanda, kopita kumaso. Ndinathamangira komweko, thovu lili m'manja. M'kanjiramo munalibe munthu, munali tsache ndi ndowa yobooka. Kulirako kunali kutsogolo, kuseri kwa ngodya, kosafulumira, kodukizadukiza ngati kwa mwana wotsimphina. Nditakhota pangodya, kunamvekera pageti. Geti linali lotsegula. Wowerenga mita ya madzi anali atadutsa ndipo sanabwezere chitsulo chotsekera.

Kanyerere anali kunja. Anali atawoloka kale kamlatho ka pangalande, akuyenda ndi manja m'mwamba kulunjika pa msewu wa tala, tinsapato tofiira tikuponda popanda phokoso lililonse. Lole ya mchenga inkatsika kuchokera kumtunda. Ndinamugwira diresi kumbuyo mpaka mabatani anathothoka, tonse tinagwera m'fumbi. Mphepo ya lole inatiwomba kumaso. Iye analira chifukwa cha bondo, ine ndinalira osadziwa kuti ndikulira.

Mwamuna wanga atabwera ndinamuuza za geti ndi za lole. Anabwezeretsa mawezulo. Za kulira kuja sindinamuuze, ndinaopa kuti angati dzuwa linandiwomba mutu. Koma m'mawa mwake ndinabereka mwana n'kupita kusitolo.

Ndinawapeza apongozi akupukuta fumbi pa mabokosi. Munalibe kasitomala. Ndinakhala pa benchi loyezera ana n'kuwauza zonse, kuyambira pa kapulayala. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndinali wokonzeka kumeza. Iwo anangopinda kansalu kawo kanayi n'kukaika pa kauntala.

"Mukuti mawezulo anali pawindo?"

"Ndinawaona ndi maso angawa, amayi."

"Nanga zimene munamvazo, zinkalira zonse ziwiri?"

Ndinaganiza. "Ayi. Imodzi. Inkalira, n'kudukiza, n'kuliranso."

Anakhala pa mpando wawo pang'onopang'ono, ngati munthu wodwala msana. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anandiyang'ana kumaso.

"Abambo ake a mwana wanga wosowa uja ankayendetsa galimoto za maulendo ataliatali," anatero. "Akafika ankagona masana. Anati phokoso likuwadzutsa. Ndinatenga singano, ndinachotsa wezulo wakumanja. Wakumanzere anandikanika, anali womatidwa kwambiri, ndinati ndimalizitsa ndikatha kuchapa. Ndinkamumva, mwananga, sikuti sindinkamumva. Koma nsapato imodzi imanamiza. Umayesa mwana waima malo amodzi akusewera, pamene iye akupita."

Ndinawamvera chisoni, komanso ndinkaopa, ndipo ndinalakalaka wometa tsitsi atayatsa wailesi yake. Kanyerere anali atagona kumsana, nsapato zake zikundigunda m'nthiti.

Apongozi anasendeza mpando wawo pafupi, mpaka mawondo athu anakhudzana. Mawu awo anatsika ngati a munthu wopempha mchere kwa mnzake amene anayambana naye.

"Wa nsapato imodzi yolirayo atafika pageti paja, anakhotera mbali iti? Kumtunda kapena kumunsi? Ife tinayambira kufufuza kumunsi."

Ndinayesetsa kukumbukira. Ndinatsinzina monga amachitira iwo, ndinabwerera m'kanjira kaja, pangodya, pageti. Ndinamva lole, ndinamva mabatani akuthothoka, ndinamva kulira kwa mwana wanga. Kupitirira apo kunalibe kanthu. Ndikanatha kuwanamiza, kungotchula mbali imodzi, koma ndinadziwa kuti akanatseka sitolo tsiku lomwelo n'kulowera komweko, akufunsa nyumba ndi nyumba.

"Pepani, amayi," ndinatero. "Nditangomuona wanga, ndinasiya kumvetsera."