Makapu Atatu ndi Msana wa Apongozi

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo zonse zili moyo. Yoyamba ndi amene anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu yathu, mayi a ku Mulanje, omwe anapuma ntchito ndipo pano akuweta nkhuku ku Uliwa. Mukawafunsa adzayamba aseka kaye, koma muwadikire. Yachiwiri ndi bambo wa golosale ya pamsewu, amene amawoloka mlatho wa Songwe kawiri pa sabata ndipo sananamepo kupatula pa mitengo ya katundu. Yachitatu ndi mkazi wanga. Iyeyu adzakuuzani kuti ndikukokomeza, koma adzatsutsa zing'onozing'ono zokha.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza ku Karonga kudzaphunzitsa masamu, ndipo ndinakwatira ku Iponga. Kutentha kwa kuno kulibe mnzake. Mu Okutobala ndinaonapo buluzi akudutsa pakhonde la simenti ndi miyendo iwiri, inayo atainyamula m'mwamba kuti izizire. Ndinamuona ndi maso angawa.

Pa sukulu ndinkatchuka ndi lilime. Ndinkauza aphunzitsi anzanga kuti ndikalawa mpunga ndimadziwa munda umene unachokera, ndikalawa tiyi ndimadziwa ngati wophikayo anadzuka atakwiya. Palibe amene anandiyesapo, choncho mbiriyo inangokula yokha.

Tsono ndikuuzeni za apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Ulendo woyamba kudya kwawo, anandiikira mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, nkukhala pansi moyang'anizana nane. Maso awo ankaperekeza nthochi iliyonse kuchokera m'mbale mpaka pakhosi panga. Ndinalephera kudya. Ndiye ndinawauza kudzera mwa mkazi wanga kuti kwathu kwa Achewa apongozi sayang'ana mkamwini akamadya. Apa ndinanena zoona. Koma ndinawonjezapo pang'ono, ndinati akaona kholingo la mkamwini likumeza, ng'ombe za pakhomopo zimauma mawere. Apongozi ali ndi ng'ombe zitatu za mkaka. Anatembenuka nthawi yomweyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudya kwawo mwamtendere, ndikuyang'ana msana wawo.

Zaka zambiri ankagulitsa mkaka ndi chambiko basi. Kenaka mayi wina wa geni anawabweretsera koko wa ku Kyela, tsidya la malire. Anayamba kumukazinga m'phale, kumusinja mu mtondo, nkumusakaniza ndi mkaka wowiritsa ndi shuga. Anthu a ku Iponga anaukonda mkaka wa chokoletiwo, ndipo apongozi anaganiza zouika pa kantini ya sukulu yathu, pamene pali ana ambiri aludzu. Anagula mabotolo, anagulanso mphika watsopano waukulu moti mwana wa ng'ombe akhoza kusambamo. Vuto linali furiji. Furiji ya kantini ndi yaing'ono, ndipo inali yodzaza kale ndi mkaka wa chokoleti wa bambo wa golosale, wina wa m'mapaketi, wina wa m'mabotolo a pulasitiki, wonse wojambulidwa ng'ombe yosekerera. Malo analipo a munthu mmodzi.

Komiti ya kantini inakangana masabata awiri. Pomaliza a hedi anati, "Tikuvutikiranji pamene lilime tili nalo pompano? Lachisanu tithira m'makapu ofanana, a masamu alawe. Umene asankhe ndi womwewo."

Wa golosale anavomera msanga. "Mwalimu ndi mkamwini, ndikudziwa," anatero. "Koma kapu ilibe chibale."

Pali chinthu chimene sindinauzepo aliyense. Mimba yanga sigwirizana ndi mkaka. Ndikamwa kapu imodzi, m'mimbamo mumayamba msonkhano wa chipani, wokhala ndi ng'oma ndi otsutsa omwe. Choncho mkaka wa apongozi ndinali ndisanaulawepo. Akatumiza botolo ndinkati ndimwa madzulo, ndipo mkazi wanga ankamaliza. Wa m'golosale nawo ndinkangoudziwa ndi chithunzi cha ng'ombe.

Lachinayi ndinamunyengerera mkazi wanga, chifukwa ndiye amathandiza a hedi kuthira.

"Mayi, kapu ya amayi mungoipendeketsa chogwirira pang'ono. Kapena mukhosomole."

"Ndikhosomole chifukwa chiyani? Si inu mumadziwa munda wa mpunga?"

"Mpunga ndi mkaka ndi zosiyana."

"Lilime ndi lomwelo, bambo. Lisambitseni bwino mawa."

Sindinade nkhawa kwambiri, chifukwa ndinali ndi njira ina. Nkhope ya apongozi sibisa kanthu. Akakondwa, munthu wa pa njinga amaona ali pamsewu. Ndinati ndikangonyamula kapu yawo, nkhope idzandiuza.

Lachisanu masana tinasonkhana m'kalasi ya Fomu 2. A komiti anakhala kutsogolo, wa golosale atavala jekete m'kutentha konseko, apongozi atakhala pampando pafupi ndi zenera, atavala chitenje chatsopano. Patebulo panali makapu atatu apulasitiki obiriwira. A hedi anafotokoza kuti awiri ndi a m'golosale, imodzi ndi ya ku Iponga. Ndinatsuka m'kamwa ndi madzi, ndinapinda manja a malaya, ndinanyamula kapu yoyamba, nkuponya diso kuzenera.

Apongozi anali atatembenuza mpando. Ankayang'ana bwalo la mpira.

Ndinali nditaiwala kuti kumwa nakonso ndi kumeza. Mayi amene wagula mphika wa kukula kumene kuja sangaike mawere a ng'ombe zitatu pachiswe chifukwa cha kantini. Ndinayesa kuwerenga msana, koma msana wa apongozi anga ndi wofanana pa chisoni ndi pa chimwemwe. Ndauphunzira zaka zambiri, ndikudziwa.

"Tikudikira, a masamu," anatero a hedi.

Kapu yoyamba inali madzi a shuga amene anamvapo mbiri ya chokoleti. Kutsekemera kwake kunafika mpaka m'makutu, ndipo nyerere za m'kalasimo zinasiya zimene zinkachita nkuyamba ulendo wopita kutebulo. Apa sindinavutike. Ndinati uwu ndi wa m'botolo la pulasitiki, ndipo ng'ombe yake inangodutsa pafupi ndi fakitale.

Kapu yachiwiri inandisokoneza. Mkaka wake unali wolemera, wosalala, wopanda kachidutswa ngakhale kamodzi. Chokoleti chake chinali ndi kakuwawa pang'ono kumapeto, kokoma, kamene kamakuchititsa kufuna kumwanso. Ndinamwa kawiri, chinthu chimene mimba yanga inachilemba m'kaundula. Ndinaganiza motere: koko wosinja mu mtondo sangasalale chonchi. Ine mtondo ndimaudziwa. Izi ndi za makina.

Kapu yachitatu inandilonjera isanafike pakamwa. Fungo lake linali la khola mvula itangokata. Pamwamba pankayandama timibulu, ndipo nditamwa tsaya lakumanzere linakokera mkati lokha, diso limodzi nkutsinzina. Mtima wanga unagwa. Ndinati uwu ndiye wa apongozi, wakumudzi weniweni, ndipo ntchito yanga monga mkamwini ndi kuukweza. Ndinamaliza kapu yonse. Misozi inatuluka, ndipo ndinailola kuti ioneke ngati ya chikondi.

Ndinaimirira nkuyankhula mphindi khumi. Za kapu yachiwiri ndinati ndi mkaka wa fakitale, wosalala mopitirira muyeso, wopangidwa ndi anthu ovala magolovesi oyera, woti dzanja la munthu silinaukhudzepo. Ndinati ana athu sayenera kuzolowera zinthu zapamwamba chonchi. Za kapu yachitatu ndinati muli ng'ombe yeniyeni, muli udzu, muli khola, muli thukuta la mayi wolimbikira. Ndinati timibuluto ndi umboni wa chilungamo. Ndinati ine ndikanakonda kumwa woterewu sabata iliyonse mpaka imfa. Mawu amenewa ndinawanena pamaso pa komiti, ndipo mlembi anawalemba.

Mkazi wanga anali ataphimba kumaso ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira monyadira.

A hedi anatembenuza makapu kuti aone manambala a pansi. "Kapu yachitatu," anatero, "ndi ya paketi ya m'golosale."

Wa golosale anaimirira nkuyamba kugwira anthu chanza. A hedi anatenga paketi imene munachokera mkakawo. Inali yotupa ngati chule, ndipo pakona panali kabowo pamene waya womangira katundu anaboola. Mwiniwake anavomera kuti katoni imeneyo inayenda pamwamba pa minibasi kuchokera ku Songwe, nkukhala padzuwa masiku awiri podikira kuti m'golosale mupezeke malo.

"Koma lilime lanena," anatero iye. "Malamulo ndi malamulo, madamu. Mwalimu wasankha wanga."

Apa ndinazizidwa, mu Okutobala, ku Karonga. Furiji inali itapita, ndipo woipereka ndinali ine.

A hedi anakhala chete pang'ono. Kenaka anathira zotsala za m'paketimo m'kapu, zikugwa ngati phala la dzulo, nkumupatsa.

"Zoona, malamulo ndi malamulo. Wapambana ndi uwu. Ndiye muzitibweretsera uwu womwewu, wa timibulu, tsiku lililonse. Yambani mwamwa inuyo, komiti ione."

Wa golosale anainunkhiza kapuyo. Anayang'ana ine, mwaulemu umene sanandipatsepo chiyambire. Anaiika patebulo pang'onopang'ono nkunena kuti poti mayiwa ndi achikulire, furiji atenge, iye adziwa kochita ndi mapaketi ake.

Nthawi yonseyi apongozi anali akuyang'anabe bwalo la mpira. Anafunsa mwana wawo m'Chinkhonde ngati ndamaliza kumeza. Atauzidwa kuti ndamaliza, anatembenuza mpando, nkupempha kuti awabwerezere zimene ndinanena za kapu yachiwiri. Mkazi wanga anamasulira zonse, osasiyako ngakhale magolovesi. Ine ndinkayang'ana bolodi.

Nkhope ya apongozi inawala mpaka kumsewu.

"Ndagha, tata," anatero, nkupitiriza m'Chichewa chawo chokoka. "Ine nasefa kanayi pa nsalu, mikono kuwawa. Anthu onse akuti wakoma, wakoma. Inu nokha mwati wa fakitale."

Anauza mlembi kuti awakopere mawuwo papepala, ndipo mpaka lero ali pakhoma kwawo, pafupi ndi kalendala ya tchalitchi. Ine sindinamve zotsala za msonkhanowo. Msonkhano wina unali utayamba m'mimba, ndipo ndinatuluka m'kalasimo ndi liwiro limene aphunzitsi a zamasewera amalitchulabe.

Lolemba mabotolo a ku Iponga analowa m'furiji, ndipo pofika nthawi ya buleki yachiwiri anali atatha.

Loweruka lotsatira tinapita kukawaona. Anandilandira bwino kuposa kale, anandiyalira mpando pamthunzi wa nthochi, kenaka anapita kuseri kwa khola. Anabwerako ndi botolo limene analitsitsa padenga la malata. Anati mlembi anawawerengeranso mawu anga ena, oti ndikanakonda kumwa wa timibulu sabata iliyonse, ndiye analipatula Lachinayi nkuliika padzuwa kuti lifike pamene ndimakonda. Anati mkamwini wotere sangamumane.

Anathira m'kapu yaikulu ya alendo, nkutembenuza mpando wawo. Ndinayang'ana tsinde la nthochi limene linali pafupi ndi phazi langa, ndikuyeza mtunda wake.

"Amayi sakuona," anatero mkazi wanga, akukhala moyang'anizana nane. "Koma ine mwambo wa ku Dedza sundiletsa. Imwani, bambo."