Pulasitiki Wotha wa Kufakitale

Munali mu 2011, ndili ndi zaka 58, pamene kampani imene ndinaigwirira ntchito kuyambira tsitsi langa lili lakuda inanditcha wakuba.

Ndinali makaniko wa makina othira zakumwa m'mabotolo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6 kwathu ku Nsanje. Ntchito ndinaiphunzira ndi manja, ndipo ndinkaidziwa. Pamenepo sindinenapo zambiri.

Amene sanalowepo m'fakitale amaganiza kuti makina ndi zitsulo zokhazokha. Ayi. Botolo lagalasi likamakhulana ndi chitsulo limakalika, kenako limasweka. Choncho paliponse pamene botolo limadutsa pamakhala pulasitiki. Si pulasitiki wa zidebe kapena wa majumbo. Ndi woyera, wolemera, woterera ngati sopo, ndipo sachita dzimbiri. Pansi pa tcheni chonyamula mabotolo pamagona timizere take titalititali, timene tinkatitcha masitiripi. Pamene botolo likulowa kukathiridwa chakumwa pamakhala gudumu la mano akuluakulu, lotchedwa nyenyezi, limene limagwira botolo m'chiuno n'kulipereka kutsogolo. Zonsezi zimadyeka, koma zimadyeka mochedwa. Ntchito yake ndi imeneyo, kudyeka izo kuti tcheni ndi botolo zisadyeke.

Sitiripi ikadyeka tinkaichotsa n'kuiponya kuseri kwa wekishopu, pamulu wa zotayidwa. Lachisanu kapitawo wathu ankaima pamulupo, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Wofuna atenge, zikungondidzadzira malo izi." Tinkatenga masana, aliyense akuona. Alonda ankatitsegulira geti, ena ankapempha kachidutswa. Bwana wakale nayenso anandituma kuti ndiwachekere mayi akunyumba kwake chodulirapo nyama. Zinakhala choncho zaka zonse zimene ndinagwira pamenepo.

Ine ndinkatenga zambiri kuposa anzanga, chifukwa ndinkadziwa chochita nazo. Sindinagulitsepo ngakhale kachidutswa kamodzi. Ndinkapereka. Kuno ku Ndirande munthu akabwera ndi vuto la gudumu kapena chitseko chokhula pansi, ndinkatenga sowo ndi tupa n'kumukonzera. Mnzanga wa butchala kumsika ndinamupatsa nyenyezi yathunthu kuti azidulirapo nyama, chifukwa chipika chake chamtengo chinkanunkha. Mlamu wanga, mkazi wamasiye wa mng'ono wanga, ndinamupalira thabwa lokandirapo mandasi. Abambo oyendetsa mawilibala a madzi ndinawaikira mabushi, timphete ta pulasitiki toteteza chitsulo kuti chisakhulane, m'magudumu, anasiya kulira kwiyo kwiyo m'njira. Pulasitiki woyerayo anali paliponse m'dera lathu, ndipo aliyense ankadziwa kuti anachokera m'manja mwa ndani.

Kenako chinafika chaka chija mafuta anasowa, ndalama zakunja nazo n'kusowa. Pulasitiki ameneyu sapangidwa kuno. Kampani inaitanitsa, katundu sanabwere. Masitiripi anadyeka mpaka tcheni chinayamba kulira pachitsulo, mabotolo akugwa ngati oledzera. Tinali ndi bwana watsopano, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Iye anati titenge masitiripi akale, tiwatembenuze, tigwiritse mbali inayo. Maganizo ake anali abwino, sindikana. Anapita kuseri kwa wekishopu kukaona muluwo. Anapeza udzu.

Anandiitanitsa muofesi. Kapitawo anali momwemo, ataima kukhoma.

"Madala," anatero bwanayo, "akuti katundu wa kampani ali kwanu."

"Kwathu kuli katundu wanga, bwana."

"Masitiripi. Nyenyezi. Akuti inuyo ndiye mumatuta kwambiri."

"Zotayidwa. Inde, ndinkatenga."

"Anakupatsani ndani?"

Ndinaloza kapitawo. Munthu ameneyo anadyapo kunyumba kwanga. Paukwati wa mwana wake ndinasenza mabenchi. Anayang'ana nsapato zake n'kunena kuti, "Ine, bwana, sindikukumbukira bwinobwino."

"Ndiye kuti munkaba," anatero bwana.

 Ndikanayankha ndikanatuluka muofesimo ndi unyolo.

Anandiuza kuti ndibweze zonse, chilichonse chimene ndinatulutsa pageti, apo ayi andichotsa ntchito ngati wakuba. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti ndipume. Wochotsedwa ngati wakuba sapatsidwa za ukalamba wake. Mwana wanga wotsiriza, wamkazi, anali kusekondale. Ndinavomera. Anandibwereka wilibala ya kampani, n'kundipatsa mlonda mmodzi wovala yunifolomu kuti azinditsata ndisabise kanthu. Tsiku anasankha Loweruka, pamene Ndirande yense amakhala panja.

Kwathu munthu salanda chimene anapereka. Zimenezo amachita ana akayambana pamasewera. Ine ndinali ndi imvi.

M'mawa mwake mlonda uja anafika pakhomo. Mayi akunyumba anali atatulutsa kale zawo, chodulirapo ndiwo ndi kathabwa kamene kankakhala pansi pa mtsuko. Anaziika okha muwilibala.

"Yambani ndi zanga, abambo," anatero. "Anthu asanene kuti mwalanda zawo n'kusiya zapakhomo panu."

Tinatsikira kumsika. Mnzanga wa butchala anali ndi anthu pamzere. Ndinamuitanira pambali kuti ndimuuze chapansipansi. Sanabwere pambali.

"Nenani pompano, achimwene, manja anga ali ndi magazi."

Ndinanena.

"Iii! Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukundidulitsa nyama pa zakuba?" Anakweza mawu dala. "Amayi, mwamva? Nyama mwakhala mukudyayi ndi ya pa exhibit!"

Amayi aja anaseka. Iye anakankhira nyama pa katoni, n'kunyamula nyenyezi ija n'kuiponya muwilibala osaitsuka. Magazi anandithimbirira pa ovolosi. Kuchokera pamenepo ntchentche zinatiperekeza tsiku lonse.

Abambo a mawilibala tinawapeza pampope. Ndinagwada m'matope, ndikugogoda mabushi amene ndinawaikira ndekha. Wilibala ikachotsedwa mabushi imagona chammbali ngati mbuzi yothyoka mwendo. Mawilibala anayi anagona choncho. Mmodzi wa abambowo, Mlomwe wa pakamwa, anaima pamutu panga.

"Madala a kampani, mwaiwala mpweya wa m'tayalamo. Tengani ndi umenewo, bwana wanu akapume."

"Ndiye madziwa tisenze pamutu ngati akazi athu?" anafunsa wina. Ameneyo sankaseka.

Sindinadzutse mutu. Mlonda anali chapatali akudya chimanga chootcha. Aliyense akamuyang'ana ankati, "Ine ndangotumidwa."

Kwa mlamu wanga ndiye kunandipweteka. Sananditukwane. Anamva mawu anga mpaka kumapeto, n'kukanda ufa umene unali pathabwapo ndi mpeni, kulitsuka ndi madzi otentha, kulipukuta ndi chitenje chake. Kenako anagwada n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Zikomo, alamu, munatibwereka."

Sindinamubwereke. Ndinamupatsa mwezi umene tinaika mwamuna wake, kuti adyetse ana.

Dzuwa litafika pamutu wilibala inali itadzaza. Ndinati tatha. Mlonda anataya chitsononkho n'kunena kuti, "Madala, akapitawo anati palinso ngolo."

Ndiye kukumbukira ankakumbukira.

Ngoloyo inali ya adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula maliro m'dera lathu. Kumtunda kwathu kuno njira n'zopapatiza, lole siifika pakhomo. Chaka chimenecho ngakhale ikanafika, dizilo kunalibe. Adzukulu anapanga ngolo ya magudumu awiri a njinga yamoto. Ine ndinaika mabushi, ndipo pamwamba ndinakhomerapo masitiripi awiri aatali, osadula, kuti bokosi lizitsetsereka bwino polikweza ndi politsitsa. Pa zonse zimene ndinatulutsa pageti, awiri amenewo ndiwo anali abwino koposa. Kampani inkafuna amenewo.

Tsiku limenelo kunali maliro a mayi wina wachikulire wa mumphakati wathu wa tchalitchi. Ine ndinayenera kukhala pasiwa kuyambira m'mawa, osati kuyenda ndi ntchentche. Tinakwera. Amayi anali m'nyumba akuimba, abambo atakhala panja pamiyala. Ngolo inaima pafupi ndi khomo, kudikira bokosi. Anthu ataona ovolosi yamagazi, wilibala ndi yunifolomu, onse anatembenukira kwa ife. Mbiri inali itafika kale.

Mkulu wa adzukulu anaimirira. Ndi munthu wamfupi, wogulitsa makala, wosaopa aliyense. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kundifunsa chimene ndadzera, ngakhale ankachidziwa.

"Akufuna masitiripi a pangolo," ndinatero.

"Akufuna ndani?"

"Kampani."

"Akatani nawo?"

"Akaike pansi pa mabotolo."

Anatembenuka kuyang'ana anzake. "Mwamva? Pogona mitembo pakagone zakumwa za ana athu." Kenako anabwerera kwa ine. "Bambo, inu ndinu wamkulu, mwambo mukuudziwa. Chimene chalowa kumanda n'cha kumanda. Khasu lathu sililima m'munda mwa munthu, fosholo yathu siilowa m'nyumba. Ife sitigwira. Sipanala muli nayo, masulani nokha. Mayiwa tiwasenza pamapewa. Koma tsiku lanu likadzafika, kampani idzabwere ndi wilibala yakeyo."

Sipanala inalidi m'dzanja langa. Mabawuti ndinamanga ndine, akanamasuka mosavuta. Ndinaganiza za mwana wanga wa kusekondale. Ndinaganizadi, asaname munthu kuti sindinaganize. M'nyumba nyimbo inasintha, kusonyeza kuti bokosi likutuluka.

Ndinaika sipanala m'thumba.

"Masula iweyo," ndinauza mlonda.

"Aaa, madala, zamalirozo ine ayi. Ndili ndi ana aang'ono." Anabwerera m'mbuyo. "Koma ndikanena. Mundikhululukire, ndikanena."

"Kanene. Tenga wilibala yako uzipita."

Anaikankha yekha kutsika phiri, ntchentche zili pambuyo. Bokosi linatuluka, linatsetsereka pa masitiripi aja popanda phokoso. Ndinagwira ngolo kumbuyo pamodzi ndi adzukulu, ovolosi yamagazi ili m'thupi, mpaka kumanda. Palibe anandiletsa, palibenso anandiyamikira.

Lolemba bwana anali atayala zonse pansi m'wekishopu, nyenyezi ya butchala, thabwa la mandasi, mabushi a mawilibala. Ankasankha zogwira ntchito.

"Atsala awiri aatali, madala."

"Anyamula maliro, bwana."

"Titsuka. Mankhwala tili nawo."

"Kamasuleni nokha. Njira akulozerani akapitawo, akuikumbukira."

"Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa."

Anandipatsa mpaka madzulo kuti ndisinthe maganizo. Ndinatha tsikulo ndikumanga tcheni cha makina otsukira mabotolo, chifukwa ndinali nditachimasula Lachisanu ndipo sindisiya ntchito yapakati. Belu litalira ndinasamba m'manja, ndinapereka zida za kampani chimodzichimodzi kwa wosunga zida, ndinatuluka. Pageti alonda anandisecha m'matumba. Anali omwe aja ankandipempha tizidutswa.

Ndinakadandaula kumene anthu amadandaula. Anafuna mboni yoti zinthuzo tinkachita kupatsidwa. Anzanga onse a muwekishopu anali ndi pulasitiki yemweyo m'nyumba zawo, ndipo aliyense ankaopa kuti akatsegula pakamwa wilibala ifika pakhomo pake. Bwana wakale anali atapita kwawo. Kapitawo anapitiriza kusakumbukira mpaka anapuma pantchito ndi zake zonse. Ndimakumana naye kutchalitchi. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendere ndimayang'ana kuguwa.

Ndinamva kuti zina mwa zimene ndinabweza anazicheka n'kuziika, makina anayenda mpaka katundu watsopano anafika. Zotsalazo anaziponya kuseri kwa wekishopu. Thabwa la mlamu wanga linali lalifupi, silinalowe paliponse. Linakhala pamulupo mvula yonse, ndipo palibe analoledwa kulitenga.

Anthu ena amati ndinachita bwino pangolo paja, ena amati ndinapusa. Sindinawafunse. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinayamba ndavomera kuyenda ndi wilibala ija chifukwa munthu mmodzi anaopa kunena mawu awiri okha, akuti inde, ndinawapatsa.

Zimene zinatayika ndi izi. Ntchito imodzi, pamodzi ndi za ukalamba wanga zonse. Sukulu ya mwana mmodzi, amene analekeza Folomu 3 n'kukwatiwa ku Machinjiri. Mnzanga mmodzi wa butchala, nyama ndimakagula kwina. Mlamu mmodzi, amene mpaka lero amandiyalira mphasa ngati mlendo wochokera kutali. Mawilibala anayi, awiri mwa iwo sanayendenso. Kampani inataya masitiripi awiri otha.