Kabulawuza ka Apageti

Kanyumba ka Apageti kankangokwana mpando umodzi ndi mawondo awiri. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala mmenemo, kukweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga magalimoto pageti la fakitale ya sopo, mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni. Anatopa nayo ntchitoyo, ndipo sankabisa.

Foni yawo inali nkhalamba. Ukangoiikira bulawuza yaikulu yotsegulira masamba a pa intaneti, inkatentha n'kuzima. Ndiye anaikamo kabulawuza kopepuka, kotsegula tsamba ngakhale netiweki ikuchita kutsinzina. Kankachotsa zithunzi ndi zotsatsa malonda n'kusiya mawu okhaokha, moti bandulo yochepa inkawafikitsa kumapeto kwa mwezi. Ankakatama kuposa mmene ankatamira ana awo.

Masana magalimoto akachepa, ankafunsira ntchito pakabulawuzako: ya m'sitolo, ya kosungira katundu, iliyonse yoti munthu n'kumawongolako miyendo. Akadzaza fomu, tsamba linkangoyera mbee, iwo n'kuti basi, fomu yapita. Zaka ziwiri zinatha popanda wowayankha. Anayamba kudziona ngati munthu wosafunika kulikonse, ndipo zinkawawawa kwambiri.

Tsiku lina mlamu wawo, mayi wogwira ntchito ya ulembi, anawabweretsera makiyi omwe anaiwala kunyumba. Anaima pawindo, poti mkati munalibe poponda, n'kuwapeza akumaliza fomu ina.

"Alamu, mumatumiza chonchi?" anafunsa mayiyo.

"Eya. Tsamba likayera ndiye kuti alandira."

Mayiyo anatsegula tsamba lomwelo pafoni yake. Pansi pa fomu panali timabokosi ta zithunzi, toti munthu asankhe tomwe muli magalimoto posonyeza kuti si makina. Batani lotumizira linkabwera pambuyo pake.

"Kanuka kamachotsa zithunzi, ndi izi zomwe," anatero motsitsa mawu. "Palibe fomu inatulukapo mufoni mwanumu."

"Ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi, alamu."

Apageti anangoti kukamwa yasa. Zithunzi za magalimoto, iwo amene ankadziwa lole iliyonse ndi kulira kwa injini yake!

"Bweretsani yanuyo, nditumize pompano," anatero.

Anadzaza fomu mosamala pafoni ya mlamu wawo, n'kusankha magalimoto onse osaphonya. Atadina batani, panatuluka mawu ofiira akuti ofunsira asapitirire zaka 45. Iwo anali atakwanitsa 46 mwezi wathawo.

Lole ya sopo inaliza hutala kunja. Apageti anabweza foni ija pawindo, n'kukweza chitsulo.